Tomato Amene Alamu Anandiphumitsa

Ndikukumbukira beseni lobiriwira la alamu anga a Nambewe bwino kwambiri kuposa nkhope za aphunzitsi amene anandiphunzitsa ku pulayimale. Linali beseni wamba la pulasitiki, longa omwe amaunjikidwa pa msika wa Mitundu, koma m'mudzi mwathu linkakambidwa monong'ona. Beseni limenelo linatsala pang'ono kuthetsa banja la achimwene anga, ndipo ine Esinati, kamtsikana ka sitandade faifi, ndinali pakati penipeni pa nkhaniyo, kukamwa kuli yasa kudikira tomato.

Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu, njira yolowera ku Dzalanyama. Kumeneko tinkadya zinthu mmene tazipezera. Mango ukatola pansi unkangopukuta pa diresi, ndipo diresiyo ndi yomwe wasewerera nayo fulaye tsiku lonse. Masuku ochokera m'nkhalango tinkangofinya n'kupsopsona, fumbi lili pakhungu pomwepo. Ndiwo zamasamba amayi ankayamba kaye adula, kenako n'kuziviika kamodzi m'madzi a pachitsime cha kudimba, chomwe ng'ombe za eni ake zinkamwaponso, basi m'poto. M'mimba mukatipota tinkati ndi kusintha kwa nyengo, kapena pali wina amene sakutifunira zabwino. Za madzi ndi manja sizinkatchulidwa n'komwe.

Amayi anga anali munthu wamfupi, wachangu pa khasu ndi pakamwa pomwe. Ankafwenkha fodya wamphuno kuyambira m'mawa, mwakuti mphuno yawo inali itasiya kalekale ntchito yonunkhiza. Dimba linali lawo, ndipo palibe amene ankalowamo ndi maganizo ake. Bambo anali mlimi wa fodya, munthu woti tsiku linkatha osamva mawu awo kupatula kutsokomola. Chaka china anatsukira botolo la mankhwala a fodya kuseri kwa khola, nkhuku za amayi n'kumwa madziwo, ndipo pofika madzulo zinali zitagona miyendo m'mwamba. Amayi analira nkhukuzo mpaka mudzi wonse unadziwa mtundu wa nthenga za iliyonse. Kuchokera pamenepo lamulo linali limodzi: mankhwala a fodya asayandikire khola, khitchini kapena dimba lawo. Mbozi za m'dimba ankalimbana nazo ndi phulusa basi.

Achimwene anga a Yosefe ankakonza njinga pa Mitundu. Tsiku lina anapita ku Nathenje kukatenga zipangizo kwa mnzawo, n'kubwerako ndi nkhani ya mkazi. Kwathu mwamuna ndi amene amakakhala kwawo kwa mkazi, koma achimwene anapempha chitengwa chifukwa cha ntchito yawo, akuchikazi n'kuvomera. Motero a Nambewe anabwera kudzakhala pakati pathu. Mtengwa amakhala pa dothi la eni, ndipo maso onse amakhala pa iye: mmene amasesera, mmene amagwadira, ngakhale mmene amatsokomolera. Alamu anali wamtali, wofatsa, wolankhula motsitsa mawu. Pa katundu wawo yense, chimene anachinyamula okha m'manja osapatsa mwana chinali beseni lobiriwira lija.

Mlandu woyamba anapalamula sabata isanathe. Amayi anathyola mpiru wonenepa kudimba, n'kuikapo tomato ndi anyezi, kupita nazo okha kukhomo kwa mtengwa wawo, ine ndili pambuyo. Monga mwa mwambo, anatenga tomato mmodzi n'kuluma pamaso pawo. Kwathu wopereka chakudya amalawa kaye, kuti wolandira adye mtima uli m'malo. Alamu anagwada, analandira ndi manja awiri, anathokoza bwino lomwe. Kenako, amayi ali chikhalire pamkeka, anatulutsa beseni lija. Anasamba m'manja ndi sopo. Anathira madzi a pamjigo, osati a pachitsime, n'kuyamba kutsuka mpiru tsamba limodzilimodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, asanadule. Anataya madziwo, kuthira ena, kutsukanso. Tomato aliyense anamupukusa ndi zala ngati akusambitsa khanda. Ine ndinkayang'ana nkhope ya amayi ikusintha pang'onopang'ono.

Titabwerera kunyumba, amayi anakafikira pakhonde. Atakhala pansi anatulutsa kabotolo kawo ka fodya, anafwenkha, n'kunena kuti, "Ndaluma tomato iye akuona. Ndiye akutsuka chiyani? Akuchotsa chiyani chimene ine ndaikamo?" Bambo anatsokomola. Pofika mawa lake nkhani inali itafika pamjigo, ndipo pamene inkabwerako inali itanenepa: mtengwa wa ku Nathenje akuti apongozi ake ndi mfiti.

Munthu ukayamba kumukayikira, chilichonse chimene achite chimakhala umboni. Alamu anali ndi kathabwa kodulirapo masamba, ndipo nyama kapena nsomba sankadulirapo. Azimayi anati kathabwako n'kokhwimira. Tomato wosweka kapena wofewa ankamuchotsa msanga pa anzake, kumuphika tsiku lomwelo kapena kumutaya, pamene ife tinkangodula powolapo n'kudya kwinako. Anati ndi matama a anthu a m'mbali mwa msewu wa tala. Chakudya chawo chinkakhala chovindikira nthawi zonse, ntchentche zikungozungulira panja. Anati wovindikira ali ndi chimene akubisa. Koma chimene chinaimitsa anthu mitu ndi mchere. Kabichi kapena masamba okhala ndi nsabwe ankayamba awanyika m'madzi a mchere pang'ono kuti tizilombo tiyandame, kenako n'kutsukuluza. Kwathu mchere si chinthu choseweretsa, ndipo aliyense ankadziwa kuti ena amawaza mchere pofuna kuthamangitsa afiti. Azakhali ena a kumtunda anawomba m'manja n'kunena kuti apa ndiye zadziwika, mwanayu akudziteteza kwa ife.

Nyengo ya mango itafika, achimwene anamaliza okha kudzikumbira dzenje. Tinali pansi pa mtengo wa pakhomo, mango aakulu okupsa anagwa, thi! Achimwene anatola. M'malo mopukuta pa buluku ngati mwana wobadwira pamudzi pano, ananyamuka, anapita pa ndowa, anatunga madzi ndi kapu n'kutsuka. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, manja ozolowera girisi wa njinga! Amayi anagwira pachifuwa. Madzulo ake ndinawamva akuuza mnzawo kuti mwana wawo wadyetsedwa, ndipo mankhwala ake amasungunulidwira m'beseni lobiriwira.

Apa ndi pamene ndinalembedwa ntchito ya ukazitape. Amayi ankandituma kukapempha moto kapena kukabwereka chipande, n'kundiuza kuti maso akhale pa beseni. Ine ndinkapita mwamantha, chifukwa nanenso ndinkakhulupirira. Vuto linali loti alamu ankaphika bwino. Mpiru wawo sunkalumitsa mchenga, ndipo unkafika m'mbale udakali wobiriwira, osati wofiirira ngati wathu umene unkabwata mpaka kuiwala dzina lake. Ndinkadya ndi diso limodzi pambale, lina pa iwo, kenako n'kumadzimvetsera m'thupi ngati ndayamba kuwakonda mopitirira muyeso. Ndinanunkhiza beseni lija iwo atatembenuka. Linkanunkha pulasitiki ndi madzi.

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa. "Alamu, kodi mumatsukiranji chonchi? Zathu n'zauve?"

Anayankha manja ali m'madzi. "Ayi, Esinati. Ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono, wofanana nawe msinkhu. Chaka china cha mvula anadya magwafa otola m'ngalande pa Nathenje paja. Anatsekula m'mimba, ndipo sitinafike naye kuchipatala. Kuyambira pamenepo manja angawa amangotsuka okha."

Ndinamva chisoni mpaka chakudya chinandikanika. Ndinathamanga kukauza amayi, ndikuganiza kuti nkhani yatha. Amayi anamvetsera, anafwenkha fodya, n'kunena kuti, "Ndiye akuyesa kuno tidzamuphera wachiwiri?" Paja amati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma ine ndinanena zoona zokhazokha. Wondituma ndiye ankamva za m'maluwa.

Nthawi yofutsa masamba itakwana, kusiyana kunaonekera pabwalo. Amayi ankawiritsa nkhwani ndi chitambe n'kuyanika pamphasa pansi, nkhuku n'kumayendapo, galu n'kumanunkhiza, ife n'kumaingitsa tikakumbukira. Ukauma ankaukulunga m'masamba a msuku kupanga chikwatu, n'kupachika kudenga la khitchini. Alamu anamanga thandala lalitali, anayanika mfutso wawo pamwamba, n'kuphimba ndi kansalu kopyapyala koyera. Sanaupakire mpaka utauma woti ukaufinya uzithetheka, ndipo anausunga m'chidebe chotseka bwino. Mfutso wa amayi chaka chimenecho unachita nkhungu mbali imodzi chifukwa unakulungidwa usanaumitsitse. Amayi sanaone chinyezi. Anaona diso la munthu amene anadutsa pafupi ndi mphasa yawo tsiku loyanika.

Chaka chinatha alamu asanaime, ndipo izinso zinalowa m'mulu womwewo. Amayi ankati munthu wotsukatsuka amatsuka ndi mwayi womwe. Anayamba kutchula za ankhoswe, poyamba mongodutsa, kenako motsindika. Achimwene anaonda. Alamu ankasesabe pakhomo pa amayi m'mawa uliwonse, kutunga madzi, kugwada popereka moni, koma moni wawo ankayankhidwa ndi mphuno. Aliyense ankaona kuti pangotsala chifukwa chimodzi choti mtengwa abwerere kwawo.

Chifukwacho chinabwera m'chilimwe, nthawi ya nazale za fodya, dzuwa likuswa mtengo. Tomato wa amayi anabereka kwambiri chaka chimenecho, koma mbozi zinamulowa, ndipo phulusa linalephera. Amayi anadandaula mpaka bambo anasiya kudyera pakhonde. Tsiku lina masana, bambo atapita ku Mitundu, amayi anati athyole wakupsa yense mbozi zisanamalize. Tinabwera ndi dengu lodzaza, tomato wofiira, wonyezimira, wotentha ndi dzuwa. Ndinamva kafungo kena kachilendo, konga ka pakona ya chigafa cha fodya cha bambo, koma ndinayesa ndi manja anga.

Titatula dengu pabwalo, alamu anali akubwera ndi ndowa pamutu. Anaima. Anayang'ana dengu, anayang'ana ife, nkhope yawo n'kuchita ngati aona njoka. Anatula ndowa mofulumira mpaka madzi anatayikira.

"Amayi," anatero motsitsa, "tomatoyu mwathyola lero?"

"Nanga ndithyole liti? Kapena ndiyambe ndapempha kwa inu?"

"Ayi amayi. Ndimati mwina asadyedwe kaye."

Amayi anaseka kuseka kopanda mano. Anasankha tomato wamkulu, anamupukuta pa chitenje kawiri, n'kundipatsa. "Esinati, idya. Idya pompano alamu ako aone ngati mayi amapha mwana wake."

Ine tomato wosaphika ndinkamukonda, makamaka ndi kamchere. Ndinatsegula kukamwa. Sindinaone mmene alamu anadumphira bwalo lonselo. Ndinangomva phaa! padzanja, tomato n'kuuluka, kukagwera pafupi ndi mtondo n'kuphulika. Dzanja linachita dzanzi. Azimayi awiri amene ankadutsa ndi nkhuni anaima chilili. Mtengwa waphumitsa mwana chakudya chochokera m'manja mwa apongozi ake, masana dzuwa likuwala! Kunena kuti "ndinu mfiti" kukanakhala kopepuka.

Amayi sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa. Ananyamula dengu lija, analowa nalo kuchipinda kwawo, n'kunena kuti aliyense wokhudza tomato mmodzi adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala, chifukwa umenewo ndi umboni. Anatuma uthenga kwa atsibweni, mlongo wawo, amene anali nkhoswe ya achimwene, ndi wina ku Nathenje. Bambo atabwera n'kumva nkhaniyo anakhala pansi mwadzidzidzi, n'kutsokomola nthawi yaitali. Kuyambira mawa lake anayamba kukhalira kudimba kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ati akulondera mbuzi. Tinadabwa, chifukwa bambo ndi dimba la amayi sankadziwana.

Alamu anandipeza pamjigo, maso atatupa. Anandigwira dzanja lomwe anamenya lija n'kulisisita. "Pepa, Esinati. Koma undilonjeze, usadye tomato wa m'dengu lija, ngakhale wa kudimba." Ndinawafunsa chifukwa chake, iwo n'kungopukusa mutu. Ndinabwerera ndili ndi mantha awiri. Mwina alamu analidi ndi zawo. Mwinanso, ndipo ili ndi lomwe linandisowetsa mtendere, mwina ankadziwa kanthu kena ka amayi anga. Madzulo amenewo ndinayang'anitsitsa manja a amayi akundigawira ndiwo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. Atsibweni anali pampando, malume awo a alamu atabwera pa njinga kuchokera ku Nathenje, fumbi lili mpaka m'nsidze. Amayi anali pamkeka, dengu la umboni lili patsogolo pawo. Alamu anakhala poteropo, mutu uli pansi, ndipo katundu wawo anali atamanga kale m'nyumba, beseni lili pamwamba. Achimwene ankangothyola timitengo. Bambo anakhala kumapeto kwenikweni akusema mpini wa khasu, ngati nkhaniyo ndi ya mudzi wina. Ine anandiitana monga mwini dzanja, ndipo ndinafotokoza zomwe zinachitika. Anthu odutsa anayamba kupeza zifukwa zoimira pafupi.

Atsibweni anatembenukira kwa alamu. "Nambewe, mwana wanga, tiuzeni. Munaona chiyani m'tomato uja?"

"Anali wosayenera kudya, malume."

"Chifukwa?"

Alamu anayamba kupinda nsonga ya chitenje chawo.

"Mukuti apongozi anu anaikamo kanthu?"

"Ayi, sindinatero."

"Nanga ndani?"

Alamu anangoyang'ana pansi, misozi ikugwera pa chitenje. Malume awo anawachonderera kuti alankhule, anawakalipira, anawachondereranso. Sizinathandize. Atsibweni anapumira m'mwamba n'kunena kuti ngati munthu akuneneza mnzake ndi manja koma pakamwa akukana kufotokoza, ndiye kuti kukhalira limodzi kwavuta. Achimwene anaphimba nkhope. Ine ndinayamba kulira, osadziwa kuti ndikulirira ndani.

Pamenepo amayi anadzuka. Anamanga chitenje mwamphamvu. "Achimwene, musavutike. Popeza mfiti ndine, ndidye ndekha anthu onsewa akuona. Ndikafa mudziwe kuti mtengwa ananena zoona. Ndikapanda kufa, anyamule beseni lake." Anasankha tomato wamkulu m'dengu, anapukuta pa chitenje, n'kumukweza kukamwa.

Sindinkadziwa kuti bambo amatha kuthamanga. Mpini unagwera uko, kasemasema uko, ndipo tinangomva phaa! Tomato anauluka m'manja mwa amayi n'kukaphulikira pafupi ndi mtondo, pafupifupi pamalo pomwe panagwera woyamba uja.

"Musadye, amake Yosefe!"

Kenako nkhuku ya mawanga inathamangira tomato wophulikayo, ndipo bambo, munthu wosalankhula uja, anakuwa mawu omveka mpaka kudambo: "Nkhuku! Ingitsani nkhukuyo!" Anaithamangitsa okha, akukupiza manja, n'kuponda tomatoyo ndi phazi, kumukwirira ndi dothi.

Amayi anayang'ana nkhuku, anayang'ana bambo. Ndinaona nkhani yonse ikulowa m'mutu mwawo bambo asananene liwu limodzi.

"Abambo ake Yosefe," anatero pang'onopang'ono. "Mankhwala a fodya. M'dimba mwanga."

Bambo anavula chipewa. Anafotokoza akuyang'ana zala zakumapazi kuti anatopa ndi kumva za mbozi, ndiye m'mawa wa tsiku lija analawirira ndi chopopera, n'kupopera tomato yense ndi mankhwala otsala ku nazale, owirikiza mphamvu kuti mbozi zimve. Ankati adzanena madzulo kuti tisathyole msanga. Atabwerako ku Mitundu anapeza moto wayaka kale, ndipo akakumbukira za nkhuku zija lilime linkalemera. Ankati mwina nkhaniyo izizira yokha.

Atsibweni anafunsa alamu ngati ankadziwa. Alamu anagwedeza mutu. Anali atawaona bambo akutuluka m'dimba ndi chopopera pamene iwo ankapita kumjigo, ndipo fungo la mankhwalawo ankalidziwa chifukwa kwawo amalima tomato wogulitsa pamsewu.

"Nanga osanena bwanji, mwana iwe, mpaka kumanga katundu?" anafunsa malume awo.

"Ndikanawatchula bwanji apongozi aamuna pabwalo, malume? Ndimadikira kuti anene okha."

Mawu amenewo anawalasa bambo kuposa chilichonse chimene amayi ananena pambuyo pake, ndipo amayi ananena zambiri. Atsibweni anadikira mpaka mlongo wawo atapuma, kenako anakanda m'mutu. "Ife tinabwera kudzaweruza munthu wophumitsa tomato. Tsopano ophumitsa alipo awiri. Kodi tithamangitse onse?" Malume a ku Nathenje ndi amene anayamba kuseka, kenako anthu a kumpanda, kenako achimwene, akuseka uku akupukuta misozi. Amayi sanaseke. Anali akundiyang'ana ine, kukamwa kwanga. Anandikoka n'kundikhazika pamiyendo pawo, msinkhu wonsewo, anthu akuona.

Tomato wa m'dengu anakwiriridwa m'dzenje lakuya. Achimwene anafunsa ngati sangatsukidwe, alamu n'kuyankha kuti ameneyo ngakhale beseni lawo silingamuthe. Madzi amachotsa dothi ndi zapamwamba, koma mankhwala olakwika, opoperedwa tsiku lomwelo, si oyesera pamimba ya munthu. Amayi anazula mbewu yonse m'dimbamo ndi manja awo, ndipo bambo anatuta mapesi ake osatsokomola n'komwe.

Musaganize kuti amayi anapepesa. Mawu amenewo m'kamwa mwawo munalibe. Patapita masiku anandituma ndi mpiru kukhomo kwa alamu, n'kundiuza akuyang'ana kumbali kuti, "Ukawauze atsuke, kudimba kuli fumbi." Tsiku la msika lotsatira anabwerako ku Mitundu ndi beseni lofiira, ati ndi losambitsira mapazi. Mapazi sanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Mnzawo wina atawapeza akutsuka nkhwani tsamba limodzilimodzi, amayi anamuyankha kuti iwo amatsuka chonchi kuyambira ali mtsikana. Kukayikira kwawo sikunathe, kunangosamuka. Kunachoka pa alamu n'kukakhala pa bambo moyo wawo wonse. Chilichonse chimene bambo abweretsa, kaya ndi nthochi, kaya ndi nzimbe, amayi ankandiitana kuti ndinunkhize, popeza mphuno yawo inali yopuma pantchito.

Lero ndimakhala ku Nathenje, kwawo kwa alamu, ndipo zinthu zinasintha. Ana anga amaphunzira za kusamba m'manja ali ku sukulu ya mkaka, ndipo kusikelo azimayi amauzidwa zomwe alamu ankanyozedwa nazo. Munthu ukatsuka mphatso pamaso pa mwini wake, sakuyesanso kuti wamutchula ufiti. Koma mtima wa amayi ndinatengera. Ndikaima pamsewu kugula tomato n'kuona wina ali mbuu ndi ufa woyera wa mankhwala, wogulitsa akulumbira kuti ameneyo ndiye wosawola msanga, ndimamuyang'ana ndi diso la nkhwezule, ndimanunkhiza, ndimafunsa kuti anapopera liti, mpaka ana anga amachita manyazi n'kuima patali. Ndikafika kunyumba ndimatsukabe. Kale tinkakayikira munthu amene tikumudziwa n'kumakhulupirira chakudya. Pano ndimaona kuti kukayikira chakudya n'kotchipa, sikuthetsa banja la munthu.

Alamu anabereka ana anayi pamudzi pomwe paja, ndipo ndi iwo amene anasamalira amayi atakalamba, bambo atatisiya. Chaka chomaliza cha moyo wawo amayi anali atasiya kuona bwino, ndipo ankangofuna zipatso zofewa. Tsiku lina ndinawatengera papaya wakupsa kuchokera ku Nathenje. Ndinasamba m'manja, ndinamutsuka bwinobwino ndi madzi a pamjigo, ndinatsuka mpeni, n'kukhala pambali pawo kuti ndiyambe kusenda. Amayi anatambasula dzanja, anamupapasa papayayo, n'kufunsa kuti watsuka ndani.

"Ndatsuka ine, amayi. Ine Esinati, mwana wanu."

Amayi anamukankhira kwa ine.

"Kawapatse a Nambewe atsukenso."